Kamera yajambula ngozi koma nambala sikuwerengeka, kodi vuto ndi fps?

Bambo a Tamanda: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani yondiwawa, ndikufuna nzeru zanu. Dzulo cha m'ma 7 koloko madzulo ndimachokera m'tauni kupita kunyumba ku Area 25. Nditangodutsa pa Kanengo, pikapu ina yoyera inandipitirira mothina kwambiri, n'kukhula mbali yonse ya kumanja, galasi la m'mbali n'kuthothoka. Munthuyo sanaime, anangoponda moto n'kumapita. Mtima wanga unali m'malo chifukwa ndili ndi kamera pagalasi lakutsogolo, ndinagula mwezi wa Malichi, pabokosi analemba 4K ndi 60fps, kutanthauza zithunzi 60 pa sekondi. Nditafika kunyumba ndinazula memori n'kuika mu laputopu. Galimoto ikuoneka, mtundu wake ukuoneka, koma nambala yangokhala chinthu choyera chopakika ngati munthu wadutsitsa chala pa laimu wamuwisi. Ndiye funso langa ndi ili: kodi 60fps ndi yochepa? Ndisake ya 120?

Amake Chisomo: Pepani kwambiri achimwene. Inuyo simunavulale?

Bambo a Tamanda: Ayi achemwali, ndili bwino. Mwana anali kumpando wakumbuyo, nayenso ali bwino, kungoti anachita mantha mpaka usiku sanagone bwino. Kupolisi ndapita m'mawa uno, andiuza kuti ndibweretse vidiyoyo. Koma popanda nambala ndikudziwa kuti zikhala zovuta, mapikapu oyera mu Lilongwe muno ndi osawerengeka.

Wa Mafoni ku Malangalanga: Akulu pepani. Koma 60 ndiye yabwinoyo. Ine makasitomala anga onse ndimawaikira pa 60 chifukwa vidiyo imayenda myaa, sidumphadumpha. Mwina kamera yanuyo ndi zija zolemba 4K pabokosi pokha. Tumizani tione.

Bambo a Tamanda: Nayi, ndadula masekondi 40.

Wojambula Maukwati: Achimwene, imeneyi sitingaweruzire. WhatsApp imafinya vidiyo iliyonse imene mwaitumiza ngati vidiyo, ndipo tinthu tating'ono ngati zilembo ndi timene timayamba kufa. Mukaidulanso pafoni ndiye kuti mwaifinya kawiri. Tengani fayilo yeniyeni ya mu memori, osaikhudza, mutumize ngati Document. Ngati bandulo ndi yochepa nditumizireni kumbali, ndikubwezerani.

Bambo a Tamanda: Ndatumiza kumbali akulu. Ndi ya mphindi 3, kukula kwake 360 MB.

Wojambula Maukwati: Ndailandira. Choyamba, vidiyoyi si 4K ayi. Ndi 1920 kwa 1080, pa 60fps. Sindikunena kuti anakuberani. Makamera ambiri amatha 4K ndipo amatha 60, koma osati nthawi imodzi. Mukasankha 60 mu menyu, yokha imatsika n'kupita pa 1080. Kusiyana kwake si kwamasewera: 1080 ili ndi timadontho pafupifupi 2 miliyoni pachithunzi chilichonse, 1440 ili ndi 3.7 miliyoni, 4K ili ndi 8.3 miliyoni. Ndiye posankha 60 munasinthanitsa timadontho ndi kuchuluka kwa zithunzi. Chachiwiri, ngakhale ikanakhala 4K, nambala iyi sikanawerengekabe, chifukwa chimene chaipha ndi china. Aphunzitsi a ku Likuni alipo? Iwo ndi amene amafotokoza masamu ake bwino kuposa ine.

Aphunzitsi a ku Likuni: Ndilipo, ndimamaliza kuchonga. Pepani bambo a Tamanda ndi zimene zakuonekerani.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu timaziphatikiza koma ndi zosiyana. Tiyerekeze kuti kamera ndi diso limene likuphethira. Fps ndi kuchuluka kwa maulendo amene disolo likutseguka pa sekondi imodzi, 30 kapena 60. Shutter ndi kutalika kwa nthawi imene disolo limakhala lotsegula paulendo uliwonse. Chimene chimapaka chithunzi si kuchuluka kwa maulendo, ndi kutalika kwa nthawi yotsegulayo. Chilichonse chimene chasuntha diso lili chitsegukire chimalembeka ngati mzere.

Masana dzuwa likuswa mtengo, kamera imatsegula diso kanthawi kochepetsetsa, mwina gawo limodzi mwa magawo 1000 a sekondi, chifukwa kuwala n'kochuluka. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda mamita 16.7 pa sekondi, ndiye m'kanthawi kameneko yasuntha masentimita osakwana 2. Nambala imawerengeka, kaya muli pa 30 kaya pa 60. Usiku kamera imasowa kuwala, ndiye imasiya diso lotsegula nthawi yaitali mmene ingathere. Pa 60fps malire ake ndi gawo limodzi mwa 60, pa 30fps ndi limodzi mwa 30. Galimoto yomweyo ya 60 pa ola yasuntha masentimita 28 kapena 56 chithunzi chimodzi chisanathe.

Kwa inuyo chofunika si liwiro la pikapuyo palokha koma kusiyana kwa liwiro lake ndi lanu. Tinene kuti inu munali pa 60, iye pa 90. Kusiyana ndi 30 pa ola, mamita 8.3 pa sekondi, masentimita pafupifupi 14 pachithunzi chimodzi cha 60fps. Tsono mzere wa chilembo cha pa nambala ndi wonenepa ngati chala basi. Ndipo popeza amachokera kumanja kwanu n'kulowa kutsogolo kwanu, nambalayo imayenda chopingasa pachithunzi, kumene ndiye kupaka koipitsitsa. Galimoto imene ikungotalikira molunjika kutsogolo sipakika kwambiri chotero.

Wa Mafoni ku Malangalanga: Aphunzitsi, ndiye mwandivomereza ine. Mwanena nokha kuti pa 60 yasuntha 28, pa 30 yasuntha 56. Ndiye kuti 60 ndi yabwino ngakhale usiku. Nanga 120 siingakhale 14?

Aphunzitsi a ku Likuni: Funso labwino mphwanga, ndipo mbali imeneyo ukunena zoona, kupakika kumachepadi ndi theka. Koma taona mtengo wake. Ukadula nthawi yotsegula diso ndi theka, kuwala kolowa nakonso kwadulidwa ndi theka. Kamera siingakupatse chithunzi chakuda, ndiye imakweza mphamvu ya sensa, kachipangizo kolandira kuwala mu kamera, monga mmene umakwezera voliyumu ya wailesi imene sikugwira bwino siteshoni: mawu amakwera, koma kusokosera nakonso kumakwera. Pachithunzi kusokoserako ndi timchenga tija timayendayenda. Kenako kamera imayesa kufufuta timchengato posalaza chithunzi, ndipo posalazapo imafufutira limodzi m'mbali mwa zilembo. Ndiye wapulumutsa theka la kupakika, limene silinakwanebe kuti nambala iwerengeke, n'kutaya kuyera kwa chithunzi chonse. Pa 120 usiku kuwala kwatsala gawo limodzi mwa magawo anayi a kumene ukanapeza pa 30. Galimoto yothawa mwaliwiro sungaigwirebe, ndipo ija yaima patsogolo pako pamaloboti, imene 30 ikanaionetsa bwinobwino, nayonso ikhala mwachimbuuzi.

Wa Mafoni ku Malangalanga: Za kuwalazo sindinaziganizire. Ine ndimayesera masana pashopu.

Wojambula Maukwati: Pali chachitatu chimene aphunzitsi sanakhudze, bitrate, kuchuluka kwa data imene kamera imalemba pa sekondi. Fayilo ya bambo a Tamanda ndi 360 MB pa mphindi 3, kutanthauza 16 Mbps. Umenewo ndiye ufa umene kamera ili nawo pa sekondi iliyonse. Kaya ana ali 30 kaya 60, ufa ndi womwewo, mitanda ndi imene imachepa. Sikuti imachepa ndi theka ndendende, chifukwa zithunzi zotsatizana zimafanana ndipo kamera imangosunga zimene zasintha, koma pamsewu zonse zimasintha nthawi imodzi: mitengo, fumbi, magetsi a magalimoto obwera. Mu vidiyo yanu, pamene pikapu ikulowa, msewu wonse wasanduka timabokosi. Pamenepo ndiye kuti ufa wathera panjira. Makamera ena amakweza bitrate mukasankha 60, ena sakweza. Onani mu menyu ngati muli mawu akuti bitrate kapena video quality, muike pamwamba. Ngati muli H.265 isankheni, imasunga zambiri m'malo ochepa kuposa H.264, kungoti makompyuta akale amavutika kuitsegula.

Koma chimene chapha nambala yanu kwenikweni ndi magetsi anu omwe. Manambala a galimoto amanyezimira, amabweza kuwala kumene kwachokera. Kamera yaona kuti msewu wonse ndi wamdima ndiye yatsegula diso kwambiri, nambala yokha ili mbee ngati tochi. Zilembo zamira m'kuyerako. Ndi zomwe zimatichitikira paukwati, holo ili ndi mdima, mkwatibwi wavala zoyera, kamera ikatsata mdima diresi lonse limangokhala choyera chimodzi, maluwa osokedwapo osaoneka.

Bambo a Tamanda: Ndiye pamenepo mankhwala ake n'chiyani? Sindingazimitse magetsi usiku.

Wojambula Maukwati: HDR. Kamera imatenga zithunzi ziwiri n'kuziphatikiza kukhala chimodzi: china chotsegula diso nthawi yaitali kuti msewu uoneke, china chotsegula kanthawi kochepa kuti zowala kwambiri zisapse. Chachifupicho ndi chimene chimagwira nambala, chifukwa nambala yowalitsidwa ndi magetsi anu ili ndi kuwala kokwanira, ndipo kanthawi kochepako kamachepetsanso kupakika kuja aphunzitsi amanena. Tsono apa ndi pamene fps ikulowanso: popeza chithunzi chilichonse chikudya ziwiri, makamera ambiri amalola HDR pa 30 pokha. Mukaika 60, HDR imazima yokha osakuuzani. Ngati yanu ilibe HDR, tsitsani EV, muyeso wa kuwala kwa chithunzi mu menyu, pang'ono, pa -1/3 kapena -2/3. Msewu uderako koma nambala ipsa mochepa.

Nabanda: Ine ndikungowerenga ndikuphunzira. Yanga ili ndi WDR, ndi chimodzimodzi?

Wojambula Maukwati: Cholinga n'chimodzi amayi, koma makampani amagwiritsa ntchito mayinawa mosiyanasiyana. Pa makamera ena WDR ndi kungokonza chithunzi chimodzi chomwecho, kuwalitsa modera ndi kuderetsa mowala. Yesani usiku pa galimoto yoima, muyatse ndi kuzimitsa, muone ngati nambala ikusintha.

Wa Sienta: Mabwana, ine ndisiyane nanu pang'ono. Ndimayenda kuyambira 5 koloko m'mawa mpaka dzuwa kulowa, m'tauni ndi ku Area 25, tsiku lililonse kupatula Lamulungu. Ine 60 inandipulumutsa. Chaka chatha wa kabaza wa njinga yamoto anatulukira pakati pa minibasi ziwiri zoima, n'kudzandigunda pabampala. Anthu anadzaza nthawi yomweyo, aliyense akuti wa Sienta ndiye wolakwa, mukudziwa mmene anthu amationera ife. Zonse zinachitika mosakwana sekondi. Titaibweza vidiyo pang'onopang'ono zinaoneka poyera kuti ine ndinali nditaponda kale buleki iye asanatulukire, tayala lake likulowa mumzere wanga chithunzi ndi chithunzi. Njingayo inalibe n'komwe nambala, ndiye kwa ine nkhani sinali ya kuwerenga zilembo, inali ya kuona amene wayamba kulowa. Musanyoze 60.

Aphunzitsi a ku Likuni: Simukusiyana nafe achimwene, mwatithandiza kumaliza mbali inayo. Chinthu chikachitika m'theka la sekondi, 30fps imakupatsani zithunzi 15, 60fps imakupatsani 30. Masana, pamene chithunzi chilichonse ndi chakuthwa kale, kukhala ndi zambiri ndi phindu lenileni. Mumaona dongosolo la zochitika bwino, ndiponso mwayi wopeza chithunzi chimodzi chimene nambala sinabisike ndi mutu wa munthu kapena kunyezimira kwa dzuwa umachuluka. Kwa munthu woyenda masana okhaokha m'misewu yothinana ngati ya ku Old Town ndi pa mlatho wa Lilongwe, 60 ndi yomveka. Vuto ndi kuganiza kuti 60 imanola chithunzi. Siinola, imangochulukitsa.

Wa Sienta: Apo ndiye tagwirizana. Usiku ine ndimakhala ndapakira kale.

Amake Chisomo: Nanga ife oyenda msewu wautali? Ine kawiri pa sabata ndimapita ku Dedza ndi ku Lizulu kukapikula mbatata ndi kabichi, ndimanyamuka kusanache. Mwezi wa Juni thiraki ina imapitirira inzake pamalo okhota tisanafike pa Kalinyeke, inabwera mbali yanga yonse, ine n'kuthawira kunja kwa phula mpaka tayala kuphulika. Kunali nkhungu. Pa vidiyo thirakiyo imangooneka ngati chinyumba chikudutsa.

Aphunzitsi a ku Likuni: Yokumana nayo ndiye yovuta kuposa zonse amayi, chifukwa maliwiro amaphatikizana. Inu 80, iyo 80, ndiye kuti 160 pa ola, mamita 44 pa sekondi. Pa 30fps, pakati pa chithunzi ndi chinzake mpata watsekeka ndi mita imodzi ndi theka. Nambala imakula mokwanira kuwerengeka thirakiyo ikafika pafupi, mwina mamita 10 omaliza, ndipo mamita 10 amenewo amatha mosakwana kota ya sekondi: zithunzi 6 kapena 7 pa 30fps, 13 pa 60fps. Dzuwa litatuluka, 60 ikukupatsani mwayi wowirikiza. Koma m'bandakucha muli nkhungu, kuwala kulibe, zonse 13 zikhala zopakika.

Pali chinanso. Makamerawa ali ndi lenzi yotambalala, madigiri 140 mpaka 170, kuti aone msewu wonse ndi m'mbali momwe. Kutambalalako kumachepetsa chilichonse chimene chili patali. N'chifukwa chake galimoto imene maso anu akuwerenga nambala yake bwinobwino, pa vidiyo imaoneka ngati ili kutali kawiri. Apa ndi pamene timadontho tambiri timathandiza kuposa zithunzi zambiri. Kwa msewu wa M1 ine ndikanasankha 1440 pa 30 kusiyana ndi 1080 pa 60.

Amake Chisomo: Zikomo aphunzitsi. Koma chinandipweteka kwambiri tsiku limenelo n'chakuti nditasintha tayala ndinapitiriza ulendo, kukagula katundu, kubwerera. Vidiyo ndinaionera pafoni pomwepo, koma pofika kunyumba madzulo kuti ndiikope, inali itafufutika.

Makaniko wa ku Biwi: Imeneyo ndi loop recording mayi. Memori ikadzaza, kamera imayamba kudya mafayilo akale. Memori yanu ndi yaikulu bwanji?

Amake Chisomo: 32 GB.

Makaniko wa ku Biwi: Ndiye n'zosadabwitsa. Kamera yojambula pa 20 Mbps imadya pafupifupi 9 GB pa ola. 32 GB ndi maola atatu ndi theka basi, ulendo wa ku Lizulu kupita ndi kubwera sukwana. Ngati ili ndi kamera yakumbuyo ndiye maolawo achepanso. Ndipo amene kamera zawo zimakweza bitrate pa 60fps adziwe kuti memori ikudzaza msanga. Chikachitika chinthu dinani batani lokhoma fayilo nthawi yomweyo, nthawi zambiri limakhala ndi chizindikiro cha loko kapena kachenjezo. Kapena zulani memoriyo muike ina. Ine ndimasunga yapadera m'kabokosi ka kutsogolo.

Wa Mafoni ku Malangalanga: Koma G-sensor siimakhoma yokha galimoto ikagundidwa?

Makaniko wa ku Biwi: Imakhoma ikamva kugwedezeka kwamphamvu. Koma ndi maenje a m'misewu yathu ya m'makwalalamu, makamaka mvula ikayamba, mukaisiya pa high imakhoma pa dzenje lililonse ndi hampu iliyonse. Pakatha milungu iwiri memori yadzaza ndi mafayilo okhoma, malo ojambulira atsopano atsala pang'ono. Galimoto zingapo zabwera kuno eni ake akuti kamera yafa, kutsegula n'kupeza ndi zimenezi. Ikani pa low. Ndipo kukhulana kwa m'mbali ngati kwa bambo a Tamanda nthawi zina sikugwedeza mokwanira, ndiye musadalire iyo yokha.

Memori nayonso gulani yolembedwa High Endurance kapena PRO Endurance, ya U3 kapena V30, imene imalemba 30 MB pa sekondi osatsika. Memori yofooka ikalephera kuthamanga ndi kamera, vidiyo imadumpha, mumapeza masekondi awiri kulibe, ndipo amakhala omwewo mumawafuna. Pamenepo 60fps yanu yasanduka ziro. Muziipanga format, kutanthauza kufufuta zonse zili mu memoriyo, mu kamera momwemo kamodzi pamwezi.

Nabanda: A makaniko, yanga inabwera ndi galimoto kuchokera ku Japan, menyu yonse ndi ya Chijapanizi. Mwana wanga anaona pa kompyuta kuti ikujambula 27.5fps. Ndiye kuti ndi yowonongeka?

Makaniko wa ku Biwi: Ayi mayi, anaipanga dala choncho, ndipo ndi nzeru. Ku Japan magetsi ali pawiri, chakum'mawa monga ku Tokyo ndi 50 Hz, chakumadzulo monga ku Osaka ndi 60 Hz. Maloboti a LED amathima ndi kuyaka mofulumira motsatira magetsiwo, ka 100 kapena ka 120 pa sekondi, maso athu saona. Kamera ya 30fps ikakumana ndi loboti yothwanima ka 120, kuphethira kwake kumatha kugwera nthawi imene loboti yathima ulendo uliwonse, ndiye pa vidiyo loboti imaoneka yozima kwa masekondi angapo pamene inali yobiriwira. Tangoganizani pa mlandu. Ndiye anasankha nambala ngati 27.5 imene siigwirizana ndi 100 kapena 120. Isiyeni momwemo.

Chimene muyenera kukonza ndi nthawi. Zambiri zimabwera zili pa nthawi ya ku Japan, imene ili patsogolo ndi maola 7 kuyerekeza ndi yathu. Ngozi ya 7 koloko madzulo vidiyo imalemba 2 koloko usiku wa tsiku lotsatira, kenako muzikavutika kufotokoza kwa a inshuwalansi. Ngati ili ndi GPS ikani GMT+2. Lozetsani kamera ya foni pa menyuyo ndi Google Translate, imamasulira.

Aphunzitsi a ku Likuni: Ndiwonjezere pa mfundo ya a makaniko. Kuno magetsi a ESCOM ndi 50 Hz, ndiye nyali zimene zimathwanima motsatira magetsi zimatero ka 100 pa sekondi. Ma fps amene angavute kuno ndi amene amalowa mu 100 ndendende, 25 ndi 50, ndiye kwa maloboti a LED, 30 ndi 60 zili bwino kuno, loboti ikhoza kuoneka ikuthwanima pa vidiyo koma mtundu wake uoneka. Palinso malo ena mu menyu olembedwa frequency, 50Hz kapena 60Hz. Amenewo si fps. Ikani 50Hz kuti pansi pa nyali za pa filling station ndi za mumsewu musamaoneke mizere yoyenda.

Wa Sienta: Ine yanga imazima yokha masana mwezi wa Okutobala, ikatentha.

Makaniko wa ku Biwi: Kujambula pa 60 kapena 4K kumatenthetsa kamera kwambiri, kuphatikiza dzuwa la pagalasi. Ngati ili ndi batire ya lithium samalani, imafufuma. Pogula ina funsani ya supercapacitor m'malo mwa batire, imapirira kutentha. Ndipo musaimate pakati pa galasi pamene dzuwa limamenya tsiku lonse, ikwezeni kuseri kwa galasi loonera kumbuyo, koma pamalo pamene waipa imafika.

Adimini: Abale, zokambirana zikuyenda bwino. Ndingokumbutsa kuti nambala ya pikapuyo ikapezeka isaikidwe pagulu pano kapena pa Facebook. Chilembo chimodzi chikawerengedwa molakwa tidzanamizira munthu wosalakwa. Ipite kupolisi basi.

Bambo a Tamanda: Ndamva a adimini, sinditero. Madzulo ano alamu anga abwera ndi galimoto yawo, tiyesa zonse mwanenazi pamsewu wa kutsogolo kwa nyumba.

Wojambula Maukwati: Musanayese pukutani galasi mkati ndi kunja, ndi lenzi yomwe. Mu vidiyo yanu magetsi a magalimoto obwera akutuluka nthenga zazitali, chimenecho ndi chizindikiro cha fumbi ndi mafuta a m'manja pagalasi. Nyengo ino ya fumbi galasi limachita mbuu tsiku limodzi. Onaninso ngati kapepala ka pulasitiki kamene kamabwera pa lenzi munachotsa. Ndipo pa dashibodi musaikepo mapepala oyera, amaonekera pagalasi.

Amake Chisomo: Ine chimene ndinaphunzira pa thiraki ija, ndimatchula nambala mokweza. Galimoto ikandichita chipongwe ndimawerenga ndi pakamwa, kamera imajambula mawu. Maso amaona kutali kuposa iyo.

Aphunzitsi a ku Likuni: Imeneyo ndi njira yabwino kwambiri amayi. Mungoonetsetsa kuti maikolofoni ndi yoyatsa, ambiri amaizimitsa osadziwa.

Bambo a Tamanda: Mwadzuka bwanji nonse. Ndabwera ndi zotsatira. Choyamba, galasi linalidi lakuda mkati, nsalu inatuluka yofiira. Kenako tinaimika galimoto ya alamu kutsogolo, ine kumbuyo magetsi oyatsa, cha m'ma 8 koloko. Pa 1080 ndi 60fps, monga zinalili tsiku la ngozi, nambala inali yoyera mbee ngakhale galimoto zonse zitaima, zilembo zimangooneka ndikazimitsa magetsi aakulu n'kusiya a paki. Nditapita mu menyu ndinapeza kuti HDR inali yotuwa, yosadinika. Nditasintha kupita pa 1440 ndi 30fps inadinika. Kusiyana kwake ndinaitana mayi a Tamanda kuti adzaone. Nambala yonse kuwerengeka, mpaka alamu atasendera kutsogolo mtunda wa galimoto zitatu. Kenako anandipitirira pang'onopang'ono ngati mmene inachitira pikapu ija. Ali pambali zilembo zimapakikabe, koma atangolowa kutsogolo n'kuwongoka, zithunzi zingapo zinagwira bwino. Pa 4K ndinayesanso, koma sindinaone kusiyana ndi 1440, ndipo HDR imakananso.

Wojambula Maukwati: Ngati 4K sikusiyana ndi 1440, n'kutheka kuti sensa yake ndi ya 1440 ndipo 4K imangokokedwa ngati lasitiki. Khalani pa 1440 pomwepo. Tsono ndili ndi nkhani ina. Usiku ndinakhala pansi ndi fayilo yanu ya ngozi mu VLC, pulogalamu yoonera vidiyo pa kompyuta. Mukaimitsa vidiyo n'kumadina batani la E pa kiyibodi, imasuntha chithunzi chimodzichimodzi. Pamene anakukhulani palibe chooneka, zoona. Koma pitirizani masekondi 11 kutsogolo. Pikapuyo inapeza thiraki yoyenda pang'onopang'ono, inaponda buleki isanaipitirire, ndipo inu munaiyandikira. Maliwiro anu anafanana kwa kanthawi, ndipo magetsi anu sanaimenye molunjika chifukwa inali itayamba kupatukira kumanja. Pali zithunzi zinayi pamenepo. Zilembo ziwiri zoyamba zikuwerengeka, ndi manambala awiri omaliza. Nyali yakumbuyo ya kumanzere ndi yosweka, anamatapo tepi, ndipo pa chitseko cha kumbuyo pali chomata chozungulira. Ndakutumizirani kumbali.

Bambo a Tamanda: Akulu, ndaziona. Ine ndimangobwereza pamene anandigunda pokha, kutsogoloko sindinapiteko n'komwe. Mulungu akudalitseni.

Wa Mafoni ku Malangalanga: Ndiye pamenepo 60 yathandizako, zithunzi zinayi m'malo mwa ziwiri.

Wojambula Maukwati: Yathandizadi mphwanga, sindikana. Kungoti ndi HDR pa 30, ziwirizo mwina zikanaonetsa nambala yonse. Bambo a Tamanda, kupolisi musapititse zithunzi zokhazo. Koperani fayilo yonse ya mphindi 3 pa flash osaisintha dzina, pamodzi ndi fayilo ya patsogolo pake ndi ya pambuyo pake, ndipo muwalembere papepala mphindi ndi sekondi pamene pali zithunzi zinayizo. Memori yeniyeniyo isabwererenso mu kamera mpaka nkhani ithe.

Bambo a Tamanda: Memoriyo ndaiika kale mu envulopu, dzulo poyesa tinagwiritsa ntchito ya alamu. Ndikupita kupolisi ikamakwana 10, ndikatero ndidutsa ku Biwi. A makaniko, galasi la m'mbali la Axio ya 2012, la kumanja, lingapezeke?

Makaniko wa ku Biwi: Bwerani nalo lothothokalo tione mawaya ake, ena ali ndi indiketa ena alibe. Ndikhala pagalaja mpaka 5 koloko.